Zolemba za ntchito yodzala mpingo ndi kumanga kachisi m'boma la Angónia

Ndine mlaliki wochokera ku Ntcheu, ndipo mpingo wathu wa ku Malawi unandituma pamodzi ndi banja langa kukayamba ntchito m'mudzi wina wa m'boma la Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Abale amene akuganiza zowoloka malire amakonda kundifunsa mitengo ya simenti ndi malata, choncho ndailemba m'mametikali (MT), ndalama ya ku Mozambique, monga ilili m'buku la mpingo, koma ndalembanso zina zimene zimafooketsa munthu msanga kuposa mitengoyo.

Meyi 2022: chisakasa ndi zikalata

Tinalowera pa chipata cha Calómuè, kufupi ndi Dedza, anthu ali mkati mokolola. Tinapeza mabanja 7 amene ankapemphera pansi pa mtengo wa mango, ndipo popeza chisanu cha kuno sichisewera m'miyezi ya Juni ndi Julayi, tinayamba ndi chisakasa. Mitengo ya bulugamu tinagula MT 900, misomali MT 300, udzu anamweta amayi, ndipo m'mbali tinatchinga ndi mapesi.

Munthu wa ku Ntcheu sazindikira msanga kuti ali m'dziko la eni, pakuti chiyankhulo ndi chomwecho, mafuko ndi omwewo, ndipo pamsika wa m'malire makwacha ndi mametikali zimayendera limodzi. Amazindikira tsiku limene amupatsa pepala lolembedwa m'Chipwitikizi kuti asaine. Mpingo kuno uyenera kukhala wolembedwa ku unduna wa zachilungamo, choncho ife tinalowa pansi pa mpingo wachibale umene unalembedwa kale, ndipo atsogoleri ake anandipatsa kalata yondidziwitsa, imene ndinakaonetsa kwa amfumu ndi kwa akuluakulu a boma a dera lino. Mlendo wofuna kukhazikika amafunikanso chiphaso chotchedwa DIRE. Zikalata za ine ndi mayi a kunyumba zinadya ndalama zoposa zimene pambuyo pake tinagulira simenti ya maziko, ndipo mpingo wotituma sunaziwerengere n'komwe, chifukwa m'maganizo mwa ambiri kwathu Angónia ndi kutsidya kwa msewu basi.

Julayi 2022: malo

Lamulo la malo la 1997 limati nthaka yonse ndi ya boma ndipo sigulitsidwa. Chimene munthu kapena bungwe limalandira ndi chilolezo chogwiritsa ntchito malowo, chotchedwa DUAT, ndipo chisanaperekedwe anthu a m'mudzi amasonkhanitsidwa kuti anene ngati akuvomera. Malo oyamba amene mkhristu wina anatilozera anali m'mbali mwa msitu wa kumanda, pafupi ndi dambwe. Pamsonkhano akuluakulu a gule anakana, ndipo ndikuona kuti anakana mwanzeru, chifukwa ng'oma zawo ndi nyimbo zathu zikanalimbana Lamulungu lililonse popanda wopindula. Amfumu anatipatsa malo ena pachitunda, kumtunda kwa mjigo.

Pa tsiku lomwelo panabuka funso la dzina loti lilembedwe pa chikalata. Ena mwa akhristu ankafuna langa, poganiza kuti akundilemekeza. Amfumu, amene sapemphera nafe, anati: “Bambo mlaliki, mlendo ndi mame. Inu tsiku lina adzakuitanani kwanu, koma anthu awa ndidzatsala nawo ndine, ndipo sindikufuna kudzaweruza mlandu wa ana anu ndi ana awo.” Chikalata chinalembedwa m'dzina la mpingo, ndipo mboni zinali akulu a mpingo awiri obadwira konkuno. Zolipira za m'maofesi, maulendo a njinga yamoto opita ku Ulónguè, likulu la boma la Angónia, mbuzi ndi ufa wa pamsonkhano, zonse pamodzi zinakwana MT 11,900.

Ogasiti mpaka Okutobala 2022: njerwa

Tinagwirizana kumanga kachisi wa mamita 14 m'litali ndi mamita 7 m'lifupi. Zikombole zinayi anatikhomera kalipentala wa m'mudzi pa MT 1,200. Dothi tinakumba pachulu n'kusakaniza ndi la m'mphepete mwa dambo. Amuna ankaponda ndi kuumba, amayi ankatunga madzi, ndipo achinyamata ankayala njerwa ndi kuzifunditsa udzu kuti zisang'aluke ndi dzuwa. Tinaumba njerwa 24,000. Nkhuni tinagula ngolo 14 pa MT 500 iliyonse.

Uvuni utazizira tinapeza kuti njerwa pafupifupi 6,000 za mbali ya kum'mawa sizinapse: zinali zotuwa, ndipo ukaiponya pansi imodzi inkangofumbutuka. Chifukwa chake chinali choonekeratu. Matope amene tinamata uvuniwo anang'ambika mbali yochokera mphepo, moto unkathawira m'ming'alumo, ndipo nkhuni zikuluzikulu zinatha usiku womaliza pamene moto unkafunika kwambiri. Koma m'mudzi nkhani inamveka mwina, kuti amene tinalimbana nawo za malo aja atichita chipongwe. Mkulu wina, munthu wodzipereka amene sanajombepo pa ntchito, anabwera kunyumba kwanga madzulo n'kundipempha kuti tiitane sing'anga mwakachetechete adzatsirike malowo tisanakumbe maziko. Anati: “Abusa, pempherolo tipemphera ndithu, koma kuno ndi kwathu, ife tikukudziwa.” Ndinamutengera ku uvuni ndi tochi, ndinamuonetsa ming'alu ija ndi phulusa losapsa bwino, ndipo ndinamuuza kuti ngati tikwirira mankhwala pansi pa kachisi, ndiye kuti aliyense wolowamo adzadziwa amene tikumudalira kwenikweni. Iye anamva, ngakhale monyinyirika, koma mabanja awiri anasiya kubwera, akuti akuopa kulowa m'nyumba yosatsirika.

Posankha njerwa tinkagundanitsa ziwiri: zolira ngati chitsulo tinkaika padera kuti zikhale za maziko, ndipo zolira mogonthera tinkazisunga kuti tidzaziphwanye pokwirira pansi.

Novembala 2022: maziko

Tinakumba masentimita 70, ndipo kumunsi kwa chitunda tinapitirira pang'ono mpaka tinapeza nthaka yolimba. Simenti inalowa matumba 32 pa MT 590 lililonse. Mchenga anatituta ndi ngolo zawo akhristu awiri osalipiritsa. Mmisiri tinapangana naye MT 15,000 kuti afikitse makoma pamwamba pa mazenera. Popeza ndalama ya simenti inathera m'maziko, makoma anamangidwa ndi matope, monga zimangidwira nyumba zambiri za kuno, ndipo pofika mu Januwale anali atadutsa msinkhu wa munthu.

Marichi 2023: khoma lagwa

M'masiku amene namondwe wa Freddy ankasakaza kum'mwera kwa Malawi, kuno kunagwa mvula ya mvumbi yosalekeza. Khoma lalitali la kumtunda linagwa mamita 9 usiku, ndipo linakoka ngodya imodzi. Zinthu zitatu zinakumana: pamwamba pa khoma panalibe chofunda, choncho madzi analowa m'matope a pakati pa njerwa, kumtunda kunalibe ngalande, choncho madzi a pachitunda ankaima m'tsinde mwa khomalo, ndipo khoma la mamita 14 linalibe chipilala ngakhale chimodzi cholichirikiza. Aliyense womanga ndi matope asalole dzinja kupeza makoma osafoleredwa, ndipo ngati denga lili kutali, aimire pa mazenera n'kufunditsa pulasitiki ndi udzu.

Lamulungu lotsatira m'chisakasa munali anthu owerengeka. Amene ankanena za kutsirika aja tsopano sankafunikanso kuyankhula, maso awo okha ankanena. Ine ndemwe masiku amenewo ndinkatsegula Buku Lopatulika m'mawa, ndinkawerenga, koma pemphero linkakana kutuluka, ndipo funso limene linkandizungulira m'mutu linali lakuti kaya ndinatumidwadi ndi Mulungu kapena ndinangotumidwa ndi komiti. Kwathu ankaimba foni kufunsa zithunzi za kachisi zoti akaonetse amene anasonkha.

Amene anandidzutsa ndi agogo ena aakazi, amene amayenda ndi ndodo ndipo amakhala kutsogolo penipeni chifukwa makutu anayamba kuvuta. Anandipeza ndikutola njerwa zathunthu pa mulu wa zogumuka, anakhala pa chitsa, n'kuyamba kundiuza mbiri imene ndinkaidziwa ya m'mabuku yokha. Amishoni ochokera ku South Africa anatsegula mishoni ku Mphatso, kuno ku Angónia, mu 1909, ndipo boma la Apwitikizi linaitseka mu 1922. Kuyambira pamenepo, kwa zaka zambirimbiri, akhristu a mpingo umenewo analibe mbusa wokhala pakati pawo, ndipo makolo a agogowa ankawoloka malire wapansi kukabatiza ana ndi kukalandira Mgonero ku Nyasaland. Nkhondo ya pachiweniweni itavuta, iwo eni anathawira ku Malawi, ndipo anabwerera pambuyo pa mtendere wa 1992 n'kupeza pamudzi pali thengo. Anandikumbutsanso za ansembe awiri Achikatolika, João de Deus Kamtedza ndi Sílvio Moreira, amene anaphedwa ku Chapotera mu 1985. Pomaliza anati: “Mwana wanga, ife tapemphera m'misasa ya lona, tapemphera m'mapanga, Mulungu osatisowa. Inu khoma la dzulodzuloli likukudwalitsani? Tolani njerwazo, mawa ndituma adzukulu adzakuthandizeni.” Adzukuluwo anabweradi ndi wilibala, ndipo tinapulumutsa njerwa zoposa theka la zimene zinagwa.

Epulo 2023: bokosi la ndalama

Mwana wathu wamng'ono anadwala malungo aakulu mpaka magazi anachepa, ndipo tinathamanga naye kuchipatala usiku pa njinga yamoto. Nthawi imeneyo bokosi la ndalama za chitukuko linkakhala m'nyumba mwanga, ndipo munali MT 21,000, pamene m'thumba mwanga munalibe ngakhale yolipirira njingayo. Yesero limeneli ndi limene limagwetsa antchito ambiri a kunja, chifukwa limabwera ndi chifukwa chomveka ndiponso ndi lonjezo lakuti ndibweza mwezi ukatha. Mayi a kunyumba ndi amene anakadzutsa akulu a mpingo, ndipo mmodzi wa iwo anagulitsa matumba awiri a mbatatesi m'mawa mwake n'kutitumizira ndalamayo pa M-Pesa. Mwanayo anachira.

Titabwerako tinamva kuti kunja kukuyenda mphekesera yakuti azungu amanditumizira ndalama zambiri, ndipo khoma linagwa chifukwa simenti ndinadya. Kulumbira pa guwa sikukanathetsa nkhani yotere. Tinachita izi: bokosi linachoka m'nyumba mwanga kupita kwa msungichuma wosankhidwa ndi mpingo, linaikidwa maloko awiri ndipo makiyi ali ndi anthu awiri osiyana; buku amalemba mtsikana wina amene anaphunzira sukulu ya sekondale ndipo amatha kuwerenga malisiti a m'Chipwitikizi; ndipo Lamulungu loyamba la mwezi uliwonse zolowa ndi zotuluka zimawerengedwa pamaso pa onse, kuphatikizapo ndalama imene ine ndimalandira kuchokera kwathu. Anthu atamva kuchepa kwa ndalama imeneyo panali kachetechete, kenaka wina kumbuyo anaseka. Chopereka chinakwera mwezi womwewo, ndipo limodzi mwa mabanja awiri aja linabwerera.

Juni mpaka Ogasiti 2023: kumanganso

Tinayamba ndi ngalande ya kumtunda, yakuya kufika m'mawondo, yopatutsira madzi mbali zonse ziwiri. Mmisiri anaika zipilala zitatu ku khoma lalitali lililonse, ngodya zonse anamanga ndi simenti, ndipo m'makoma mzere wachinayi uliwonse wa njerwa unamangidwa ndi simenti pamene ina inali ya matope. Pamwamba pa mazenera tinazunguliza lamba wa konkire. Zitsulo 16 za mamilimita 10 zinatenga MT 7,680, zitsulo zing'onozing'ono zomangira ndi waya MT 2,100, simenti matumba 45 pa MT 610 lililonse, ndipo mmisiri tinamuwonjezera MT 12,000. Njerwa zinaperewera, choncho tinaumba zina 5,000. Ulendo uno uvuni tinaumata kawiri, tinautchinga ndi mpanda wa udzu mbali ya mphepo, ndipo zinapsa bwino.

Novembala 2023: kwacha yagwa

Mpingo wa kwathu unali utalonjeza kugula malata onse 88 a mamita 2.4. Ndalamazo zili m'njira, boma la Malawi linatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, ndipo titasintha zimene zinafika zinangokwana malata 47 pa MT 420 lililonse. Tinagula tsiku lomwelo n'kukasunga kwa msungichuma, pakuti ndalama yogona m'bokosi imasungunuka koma lata silisungunuka. Thandizo langa la pamwezi linachepanso chimodzimodzi. Mkulu uja amene ankafuna kuti tiitane sing'anga ndi amene anandibwereka munda wa kudimba, n'kundiphunzitsa kabzalidwe ka mbatatesi monga amachitira kuno, ndipo kuyambira pamenepo banja langa limadya za m'manja mwathu. Ena kwathu anaona ngati n'zochotsa ulemu kuti mlaliki azipezeka m'matope Lachiwiri m'mawa, koma ine ndaona kuti nkhani zambiri za moyo wauzimu anthu amazitulutsa tili m'mizere, zimene sangazinene nditavala jekete. Makoma tinawafunditsa pulasitiki wakuda wa MT 1,800, ndipo dzinja limenelo sanagwe.

Febuluwale mpaka Julayi 2024: ng'amba

Mvula inadula chimanga chikumasula, monga zinachitikira m'maiko ambiri a kuno kum'mwera chaka chimenecho. Ngakhale Angónia ndi nkhokwe ya chigawo chino, mabanja ambiri a m'mudzi mwathu anakolola zosafika mwezi wa Ogasiti. Amuna anapita kukafuna maganyu ku Moatize ndi ku Tete, ndipo Lamulungu tinkasonkhana pafupifupi theka la amene tinkasonkhana kale. Ena anapita ku mpingo wina umene unkagawa ufa. Sindinawadzudzule pa guwa kapena kuwatsata kunyumba ndi mawu olasa, chifukwa ndinaona miphika yawo.

M'bokosi munali MT 14,000 zimene akhristu a konkuno anasonkha kuti tiwonjezere malata. Msonkhano wokambirana ngati tingagule chimanga ndi ndalamazo unali wowawa kuposa yonse imene takhala nayo. Ena ankati ndalama yoperekedwa kwa Mulungu siibwerera m'mimba mwa anthu, ndipo ankaopa kuti tikatsegula khomo limeneli sitidzalitsekanso. Ena ankati n'chamanyazi kufolera nyumba pamene amasiye a m'nyumbamo akugona ndi njala. Ine ndinali mbali yachiwiriyi, koma sindinalamule, pakuti ndalamazo sizinali zanga ndipo amene anazisonkha anali pomwepo. Anavota pokweza manja, ndipo anagula chimanga chimene anagawira makomo 11 a okalamba ndi amasiye, atalemba maina onse m'buku. Malata 47 aja sanakhudzidwe, chifukwa eni ake anapereka ndalamazo atanena ntchito yake. Ntchito yomanga inaima miyezi yonseyi.

Seputembala 2024: matabwa ndi chiswe

Matabwa a paini amene tinagula pa MT 16,500 tinawasunga m'kachisi momwemo, ogonekedwa pa njerwa ziwiriziwiri. Patapita masabata ochepa tinapeza chiswe chitakwera m'njerwazo n'kudya a pansi, okwana MT 2,400. Otsalawo tinawapaka oyilo wakuda wochokera kwa okonza njinga zamoto, amene anatigulitsa MT 400, ndipo tinawapachika pa mitanda yokwera. Kalipentala anakhoma mitanda ikuluikulu 6 ya denga pa MT 7,000.

Novembala ndi Disembala 2024: theka la denga

Pambuyo pa chisankho cha pa 9 Okutobala dziko linalowa m'zipolowe, misewu inkatsekedwa, ndipo katundu wochokera ku Beira ndi ku Tete anasowa m'masitolo. Mvula inali pafupi ndipo matabwa anali kale pamwamba, choncho tinakhoma malata 44 mbali ya kuguwa, ndipo mbali yotsalayo tinakuta ndi pulasitiki ndi kupanikiza ndi nsungwi. Tinachoka m'chisakasa n'kuyamba kupempherera pansi pa theka limenelo.

Mumpingo munali anthu a mbali zonse za ndale, ena a banja limodzi osayankhulana. Mlendo alibe mawu pa chisankho cha eni dziko, ndipo ndinakana kutchula chipani kapena munthu pa guwa ngakhale achinyamata ena anandinena kuti ndine wamantha. Tinkapempherera ofedwa, omangidwa ndi olamulira m'pemphero limodzi. Atsogoleri a kwathu anandiuza kuti ndikhoza kubwerera mpaka zinthu zitakhazikika. Tinakambirana ndi mayi a kunyumba usiku wonse, ndipo tinagwirizana kuti ana apite kwa agogo awo ku Ntcheu koma ife titsale. Sindikunena kuti aliyense achite chomwecho, pakuti kwathu kuno kunali kumudzi ndipo moto weniweni unali m'matauni. Koma anthu amene anaona alendo ambiri akubwera nthawi ya mtendere n'kusowa nthawi ya mavuto ankayang'ana pakhomo pathu m'mawa uliwonse kuti aone ngati pakufuka utsi.

Meyi 2025: denga latha

Chaka chimenechi kunali zokolola, ndipo chopereka cha masika chinabwera m'matumba: soya, nyemba, chimanga ndi mbatatesi. Titagulitsa tinagula malata 41 otsala pa MT 470 lililonse, malata opinda a pamsonga MT 2,600, ndi misomali ya malata MT 1,900. Mitanda iwiri ya mbali ya pulasitiki inali itapindika chifukwa cha madzi amene ankadikha pamwamba pake, ndipo kalipentala anaimasula n'kusintha matabwa a MT 1,700. Denga tinalimangirira ku lamba wa konkire uja ndi waya wokhuthala pa mtanda uliwonse, chifukwa mphepo ya pachitunda pano yasasulapo nyumba za anthu. Ndalama yonse ya gawo limeneli inachokera konkuno.

Ogasiti 2025: pamene tafika

Chitseko cha matabwa ndi mphuthu yake zatenga MT 6,500. Mazenera tawatseka ndi njerwa zosiya mipata mpaka tidzapeze mafelemu. Pansi tinakwirira ndi njerwa zosapsa zija, ndipo amayi amazira Loweruka lililonse. Kuti tiike simenti pakufunika matumba pafupifupi 30, amene tawaika chaka chamawa. Mipando ndi mizere ya njerwa yoyalapo matabwa. Anyamata awiri obadwira konkuno ayamba kulalikira mosinthana nane, ndipo mmodzi akuphunzitsa kalasi ya ofuna kubatizidwa, m'mene muli anthu 19. Mpingo wagwirizana kuti ndalama ya pulasitala idikire, iyambe yathandiza mmodzi wa iwo kupita ku sukulu ya ubusa.

Chofunika mvula isanagwe ndi chimbudzi, pakuti chakale cha udzu chadzadza. Dzenje lakumbidwa kale mamita atatu kumunsi kwa kachisi, kutali ndi mjigo, ndipo pakufunika simenti matumba 5, zitsulo zitatu ndi malata 4. Msungichuma wanena kuti m'bokosi muli MT 3,850, ndipo yotsalayo tikuyembekeza kuipeza tikakumba mbatatesi ya m'munda wa mpingo kumapeto kwa Seputembala.